Tinamutcha Kennedy tili ku Ireland: zimene ndikadakonda kudziwa kale

Ndimakhala ku Limerick, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Shannon ku Ireland, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndikulembera anzanga oyembekezera, makamaka amene muli kunja kuno ndipo mukuganiza zotcha mwana Kennedy, Kelly, Ryan, Casey kapena Donovan. Kwathu mayina amenewa timangowatenga ngati achizungu wamba, ofanana ndi John kapena Peter. Koma onsewa anayamba ali mayina a makolo a mabanja a ku Ireland kuno, ndipo ambiri adakali choncho. Ife nkhani imeneyi inatiyambanitsa pachibale, inatichedwetsa kulembetsa mwana, ndipo pamapeto pake inatidyera ndalama.

Apongozi anga aamuna dzina lawo linali Kennedy. Anabadwira ku Dedza mu Disembala 1963, patangopita milungu yochepa chiphedwere John F. Kennedy ku Dallas pa 22 Novembala chaka chomwecho. Bambo awo anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, Mkatolika wolimbikira, ndipo uthenga wa imfayo anaumva pa wailesi. Kwa iwo Kennedy anali Mkatolika woyamba kulamulira America, komanso woyambitsa Peace Corps, gulu la anthu odzipereka a ku America limene linakhazikitsidwa mu 1961 ndipo achinyamata ake anayamba kufika ku Nyasaland mu 1963, ambiri kudzaphunzitsa. Mwana atabadwa, dzina silinavute kupeza. Amuna ambiri a msinkhu umenewo ku Malawi ndi ku Zambia analandira dzinali m'njira yomweyo, ndipo linapitirira mpaka mibadwo yotsatira. Okonda mpira mukumukumbukira Kennedy Mweene, goloboyi wa Chipolopolo pamene Zambia inatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville.

Apongoziwo anamwalira ine ndili ndi pakati. Bambo akunyumba sanathe kufika pamaliro. Mwambo wonse anauonera pafoni, atakhala pansi m'khitchini, usiku umenewo osagona. Patapita masiku anandiuza kuti, "Mayi, akakhala mwamuna, dzina lilipo kale." Ndinavomera ndi mtima wonse. Apongozi anga anali munthu wabwino kwa ine, ndipo sindinaone choti n'kufufuza pa dzina limene ndalimva kuyambira ndili mwana.

Mwana anabadwadi wamwamuna. Tsiku lotsatira kunabwera mayi wina ndi fomu yodziwitsa boma za kubadwa kwa mwana. Atafunsa dzina ndinati Kennedy. Anamwetulira n'kunena kuti akufuna dzina loyamba kaye, la makolo lidzabwera pambuyo. Ndinabwereza. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati bambo a mwana ali wa ku Ireland konkuno. Sanalakwe kufunsa, chifukwa kuno a Kennedy ali paliponse: pa zikwangwani za masitolo, m'kaundula wa sukulu, pa ziliza za kumanda, koma nthawi zonse ngati dzina la banja.

Funso lakelo linandikhala m'mutu. Usiku, mwana akuyamwa, ndinatenga foni n'kufufuza tanthauzo la dzinali. Zimene ndinapeza zinandizizira thupi: malo angapo analemba kuti Kennedy amatanthauza "wamutu wonyansa" kapena "wamutu wopindika". Ndinayang'ana kamutu ka mwana wanga, kofewa, kodzaza tsitsi, misozi n'kuyamba kutsika. Mayi amene wangobereka kumene amalira ndi zinthu zazing'ono, koma ichi kwa ine sichinali chaching'ono. Ndinakulira m'nyumba imene dzina ndi pemphero. Ife tonse tili ndi mayina onena za chisomo, madalitso ndi chiyembekezo, ndipo ndaonapo anthu akuluakulu akusiya dzina la Mavuto kapena Masautso kutchalitchi chifukwa chokhulupirira kuti likuwakokera pansi.

Ndinajambula zimene ndinawerengazo n'kuziponya pa gulu lathu la pachibale la WhatsApp, limene muli a mbali zonse ziwiri. Mnzanga, ukapeza chinthu chokukayikitsa pa dzina limene latchedwa ndi akuchimuna, yamba wakambirana ndi mwamuna wako awiriwiri, ndipo dikira kuche. Pofika m'mawa gululo linali litayaka moto.

Amayi anga anaimba foni ndisanasambe n'komwe. "Mwana wanga, dzina limalondola mwini wake. Mwana wabadwa bwinobwino, inu mukam'tche wamutu wonyansa? Ine mdzukulu wanga sindimuitana choncho." Mchimwene wanga anathira mafuta pamoto polemba mndandanda wa masoka a banja la Kennedy ku America: mkulu wake wa pulezidenti, Joseph, anafera m'ndege pa nkhondo mu 1944, pulezidenti mwini anawomberedwa mu 1963, mng'ono wake Robert anawomberedwanso ku Los Angeles mu 1968, mwana wa pulezidentiyo John anagwa ndi ndege m'nyanja mu 1999. Zonsezi n'zoona, ndipo kwa amayi zinakwana kukhala umboni woti dzinali lili ndi tsoka. Akuchimuna anamva ngati tikunyoza maliro amene dothi lake linali lisanaume. Alamu anga analemba kuti bambo awo anakhala ndi dzinali zaka zawo zonse, analera ana, anamanga nyumba, ndiye tsoka lake lili pati? Atsibweni anga nawo anakumbutsa kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Zitafika pamenepo bambo akunyumba anatuluka m'gulu.

Mchombo unagwa, nthawi imene kumudzi mwana akadatuluka m'chikuta n'kulandira dzina inadutsa, ife tikungoti "khanda". M'nyumba munali zii. Bambo ankabwera kuntchito, kunyamula mwana, kumunong'oneza dzina la bambo awo poganiza kuti sindikumva. Ine ndinali pakati: amayi ondibereka uku, mwamuna wolira bambo ake uku.

Pamene tinkakokanakokana choncho, nthawi ya boma inkatha. Lamulo la kuno limati mwana alembetsedwe pasanathe miyezi itatu chibadwire. Izi ndinkazidziwa, koma sindinkadziwa kuti zinthu zina zonse zimadikira kalemberayo. Mwana akalembetsedwa m'pamene amapatsidwa nambala yake ya boma yotchedwa PPS, ndipo popanda nambalayo ndalama ya boma yothandizira ana, imene amaitcha Child Benefit, mayuro 140 pamwezi, siyamba kubwera. Khadi loonetsera mwana kwa dokotala mwaulere nalonso limafuna nambala yomweyo, ndipo pasipoti sungaiyambe popanda satifiketi ya kubadwa. Mwana atatuluka totupa pakhungu tinalipira mayuro 60 kwa dokotala, ndalama imene ikadagula matewera, pa nthawi imene ine ndinali pa tchuthi cha uchembere ndipo m'thumba munali mopepuka. Ndalama ya ana ija inadzabwera pambuyo pake ndi ya miyezi yam'mbuyo yomwe, koma milungu imeneyo tinaimva kuwawa.

Amene anatithandiza anali agogo a nyumba yoyandikana nafe, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankaphunzitsa chinenero cha makolo awo, chimene eni ake amachitcha Gaeilge. Anabwera ndi kajuzi koluka okha, n'kufunsa dzina la mwana. Nditalephera kuyankha, ndinawafotokozera zonse. Anakhala pansi, n'kupempha pepala ndi cholembera.

Analemba kuti Ó Cinnéide. Anati umu ndi mmene dzinali limalembedwera m'chinenero chawo, ndipo Kennedy ndi mmene Angerezi analipindira kuti ligwirizane ndi lilime lawo. Kachilembo ka Ó kamatanthauza mdzukulu kapena wa mbumba ya uje, monga mmene Mac amatanthauzira mwana wa uje. Mbali yoyamba ya dzinalo ikuchokera ku mawu akuti ceann, mutu. Pamenepa palibe amatsutsa. Mkangano uli pa mbali yachiwiri. Ena amati ikuchokera ku mawu otanthauza chonyansa kapena chosaoneka bwino, ena amailumikiza ndi éide, zovala za nkhondo, ndiye dzinalo n'kukhala "wamutu wovala chisoti cha nkhondo". Matanthauzo onse awiri amapezeka m'mabuku. Ine usiku uja ndinangoona loyamba n'kutseka foni.

Kenako anandiuza za mwini dzina. Cennétig mac Lorcáin anali mfumu ya fuko la Dál gCais, m'dera limene lero ndi County Clare, ndipo anamwalira mu 951. Mwana wake ndiye Brian Boru, amene anadzakhala mfumu yaikulu ya Ireland yense n'kufera pa nkhondo ya ku Clontarf, pafupi ndi Dublin, Lachisanu Loyera mu 1014. Banja la O'Kennedy linatenga dzina kwa Cinnéide wina, mwana wa mbale wake wa Brian. Poyamba ankakhala cha ku Killaloe, kenako anawoloka Shannon n'kukalamulira dera la Ormond, kumpoto kwa Tipperary, kwa zaka mazana. Anagawikana nthambi zitatu zotchedwa Fionn, Donn ndi Ruadh, kutanthauza oyera, oderako ndi ofiira, ndipo nyumba yawo ina yamiyala, Lackeen Castle pafupi ndi Lorrha, idakaima mpaka lero. Ku Scotland kulinso a Kennedy awoawo, a dera la Carrick ku Ayrshire.

Agogowo anawonjezera kuti anthu akale a zinenero zimenezi ankapatsana mayina poyang'ana maonekedwe, mopanda manyazi. Campbell, dzina lotchuka la ku Scotland, limatanthauza wapakamwa pokhota. Cameron, wamphuno yokhota. Lero palibe Campbell amene amadziona wopunduka pakamwa. Apa m'pamene mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinakumbukira kuti ifenso tikamaitana a Phiri palibe amene amaganiza za phiri. Dzina likasanduka la banja, tanthauzo la mawu ake limagona, chimene chimatsala ndi anthu amene analinyamula. Kusiyana kwake ndi mayina athu oyamba n'kwakuti Chisomo kapena Tadala timawamva tanthauzo tsiku lililonse, chifukwa ndi mawu amoyo m'chinenero chathu. Amayi anga ankayeza Kennedy ndi muyeso wa Chisomo, ndipo inenso ndinachita chimodzimodzi.

Loweruka lotsatira tinakwera galimoto kupita ku Killaloe, ulendo wa pafupifupi theka la ola kuchoka ku Limerick. Ndi katauni kakang'ono, kali ndi mlatho wakale wamiyala wowolokera ku Ballina, mbali ya Tipperary. Kumeneko, kutali ndi mafoni, ine ndi bambo tinalankhulana bwinobwino koyamba chibadwire mwana. Anandiuza kuti chimene chinawapweteka si tanthauzo la dzina, koma kuti bambo awo anakambidwa pagulu ngati munthu wonyamula tsoka. Ndinawauza mantha anga. Tinagwirizana kuti dzina likhala Kennedy, koma amayi anga atche lachiwiri, la Chichewa, ndipo lilembedwe pa satifiketi, lisangokhala la pakamwa.

Amayi ndinawaimbira paokha. Sindinawatsutse za mphamvu ya dzina, chifukwa inenso ndimaikhulupirira. Ndinawafotokozera za chisoti cha nkhondo, za mfumu ya ku Clare, ndiponso kuti mwanayu sakutengera banja la ku America koma agogo ake a ku Dedza, amene iwo ankawadziwa ndipo anadyera nawo limodzi pa chinkhoswe chathu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga langalo mulemba pati?" Bambo nawo anaimbira atsibweni mwaulemu wake, ndipo nkhani inatha. Tinalembetsa mwana miyezi itatu ija itatsala pang'ono kukwana. Mpaka lero amayi amamuitana ndi dzina limene anatcha iwo, ndipo amavomera.

Pambuyo pake ndinaphunzira kuti mbiri ya pulezidenti uja inadutsa pakhomo pathu penipeni. Agogo a bambo ake, Patrick Kennedy, anachoka ku Dunganstown, pafupi ndi New Ross ku County Wexford, mu 1848, pa nthawi ya njala yaikulu imene inadza mbatata ya kachewere itaola m'minda. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawa m'dziko. A kwawo kwa mayi a pulezidentiyo, a Fitzgerald, anachokera ku Bruff, m'County Limerick momwe muno. Mu Juni 1963 pulezidentiyo anabwera kudzaona kwawo kwa makolo, analankhula kwa anthu mu Limerick muno, n'kukwera ndege pa bwalo la Shannon. Patapita miyezi isanu anaphedwa, ndipo mwezi wotsatira dzina lake linafika ku Dedza.

Titalengeza dzina, msuweni wanga wa ku Indiana anatumiza phukusi la zovala. Titatsegula tinapeza timadiresi ndi tinsapato tapinki. Iye anangomva "Kennedy" n'kuganiza kuti ndi mtsikana, chifukwa ku America masiku ano dzinali limapatsidwa kwambiri kwa ana aakazi. Linayamba kukwera pakati pa atsikana m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'zaka za m'ma 2010 linalowa m'gulu la mayina 100 otchuka kwambiri a atsikana. Riley, Reagan ndi Quinn, amenenso ndi mayina a mabanja a ku Ireland, ayenda njira yofanana. Choncho dzina limodzi lomweli ku Malawi ndi la mwamuna, ku America ndi la mtsikana, ku Ireland ndi la banja lonse. Izi munthu angazione yekha mwana asanabadwe. Bungwe la chiwerengero la ku Ireland, Central Statistics Office, lili ndi tsamba pa intaneti loonetsa kuchuluka kwa ana amene anapatsidwa dzina lililonse kuyambira 1964, ndipo la Social Security ku America lili ndi mndandanda woyambira 1880. Mukalembamo dzina mumaona ngati kumene mukukhalako ndi la anyamata kapena la atsikana, ndiponso ngati anthu alizolowera monga dzina loyamba. Mwachitsanzo Ryan kuno alizolowera mbali zonse ziwiri, loyamba ndi la banja, pamene Kennedy ayi.

Vuto limene latenga nthawi yaitali ndi la mapepala. Munthu wa kuno akaona mayina awiri, lina Kennedy lina lachilendo kwa iye, mutu wake umamuuza kuti Kennedy ndiye la banja. Tsiku la katemera wina anatiuza kuti mwana sakupezeka m'kompyuta. Tinakhala pabenchi, mwana akulira, mpaka wina anaganiza zofufuza motembenuza, n'kumupeza atalembedwa dzina la bambo ake ngati loyamba. Anakonza pomwepo, koma zomwezo zinachitikanso pogula mankhwala ndi kumalo osungirako ana masana. Ife Amalawi timawonjezera chisokonezo, chifukwa kusukulu tinazolowera kuyamba ndi dzina la bambo potchula mayina. Kuno ukangotero ndi mwana wotchedwa Kennedy, wawatsimikizira zimene ankaganiza kale.

Chachikulu chinachitika mwana atapitirira zaka ziwiri, pokonzekera ulendo wa kumudzi kukavundukula chiliza cha apongozi. Pa msinkhu umenewo mwana amalipira mpando wakewake m'ndege. Kuchoka ku Dublin kulibe ndege yolunjika ku Lilongwe. Umasintha panjira, ndipo tikiti yathu inali ya makampani awiri. Tinagula kudzera kwa wogulitsa matikiti wina amene anzathu anatilozera, mayina tinam'tumizira pa uthenga wa pafoni. Tikiti itabwera tinayang'ana masiku, maola ndi makilogalamu a katundu, ndipo mayina onse atatu a mwana analipo, olembedwa bwino. Kutatsala masiku ochepa kuti tinyamuke, polowetsa manambala a pasipoti pa intaneti, ya mwana inkakanidwa. Kennedy anali m'bokosi la dzina la banja.

Kampani ya ndege inati tikiti yogulidwa kwa wogulitsa imakonzedwa ndi wogulitsayo. Wogulitsa anati poti muli makampani awiri, sangasinthe dzina, koma kuifafaniza n'kugula ina. Anzathu ena anati tingopita, mwina pa bwalo la ndege akatilola. Mwina akadatiloladi, koma sitinafune kukaima pa bwalo la dziko lina, pakati pa ulendo, ndi mwana amene tikiti yake ikusiyana ndi pasipoti, pamene kumudzi anthu agula kale ufa ndi mbuzi. Tinagula ina pa mtengo wa masiku otsiriza. Titachotsera zochepa zimene anatibwezera patapita miyezi, tinataya mayuro opitirira 600. Ndalama imeneyo tinaikonzera kukonza denga la nyumba ya apongozi aakazi, ndipo dengalo linadikira chaka china. Ndinakwiya masiku ambiri, ndipo kunena zoona panali usiku umene ndinadzifunsa ngati amayi sankanena zoona za tsoka. Koma tsoka limene limatha ndi kuwerenga bokosi limodzi pa pepala ndi kusasamala chabe kwa anthu.

Chimene ndikadakonda wina atandiuza kale ndi ichi. Pansi pa tsamba la pasipoti limene lili ndi chithunzi pali mizere iwiri ya zilembo ndi timivi. Mu mzere woyamba, pambuyo pa zilembo zitatu za dziko, dzina loyamba kulembedwa ndi la banja, kenako timivi tiwiri, kenako mayina a mwini. Makina a pa bwalo la ndege amawerenga pamenepo. Pogula tikiti tumizani chithunzi cha tsamba limeneli, osati mayina olemba pamanja, ndipo tikiti ikangofika fananizani bokosi ndi bokosi tsiku lomwelo, chifukwa kukonza kumaphweka ndiponso kumatchipa pamene mwangogula kumene. Polemba fomu iliyonse ine tsopano ndimalemba dzina la banja m'zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo ndikamalankhula ndi wa pa kauntala ndimayamba ndi kunena kuti Kennedy ndi dzina loyamba, asanagwire n'komwe kompyuta. Akamaliza ndimapempha kuti anditembenuzire sikirini ndione.

Ulendo tinayenda, chiliza tinavundukula, ndipo apongozi aakazi anamunyamula mwana tsiku lonse akumuitana "bambo". Chaka chino tamulembetsa sukulu ya mkaka. Ndinapita ndi fotokope ya pasipoti nditazunguliza dzina la banja ndi cholembera chofiira, ndipo kalata yoyamba imene sukulu yatumiza yabwera mayina ali m'malo mwake.